Mwandifunsa za paini, mwandikumbutsa denga langa

Imelo yafika kuchokera kwa bambo wina amene nyumba yake yafika pokhoma denga. Funso lawo n'lalifupi: akhomere paini kapena bulugamu, poti achibale akuwauza kuti mitengo yochita kudzala ndi yachabechabe? Bambo, mwandigwira pachilonda.

Ine ndinakhomera paini. Matabwa ndinagula Lachiwiri, Lachinayi anali ali pamwamba. Ponyamula ankalemera modabwitsa, ndipo mumtima ndinkati eya, awa ndiye olimba. Kalipentala wanga, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, anakhoma msomali umodzi, madzi n'kutuluka m'mbali mwa msomaliwo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, awa akadagona kaye." Ndinawayankha kuti mvula siidikira munthu. Iwo sanabwerezenso, anangokhoma.

Patatha miyezi isanu siling'i inayamba kung'ambika m'malumikiziro. Chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka. Nditakwera kudenga ndi tochi ndinapeza mitanda ina itapotoka ngati chingwe, misomali itasololoka theka, ndipo usiku kunkamveka thee! thee! ngati wina akuthyola nkhuni. Chaka chonse ndinkauza aliyense kuti paini ndi mtengo wonyenga. Ndinali wolakwa ndine, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndivomere.

Kulemera kumene ndinkakuyamikira kuja anali madzi. Paini wongocheka kumene amatha kusunga madzi olemera kuposa thabwa lenilenilo likauma. Madziwo akamachoka, poyamba thabwa silisintha, koma chinyezi chikatsika pansi pa 30 peresenti kapena chapompo limayamba kufota, ndipo silifota mofanana. Kutsata mizere yozungulira imene imaoneka mukadula thunthu limafota pafupifupi kawiri kuposa kuchokera pakati kupita kukhungwa. N'chifukwa chake thabwa limabenda ngati mbale. Mukalikhomera lili lauwisi, kufotako limakakuchitirani pamutu panu.

Pali chinanso chimene achibale anuwo akuchiona koma sakuchitchula bwino. Mtengo wa m'munda umakula mothamanga ndipo umadulidwa usanakhwime. Paini, m'zaka zake zoyambirira khumi kapena kuposerapo pang'ono, amapanga thupi lanthete chapakati pa thunthu: lopepuka, lofooka, lofota ngakhale m'litali, lokonda kupotoka. Mtengo ukadulidwa uli waung'ono ndiye kuti mbali yaikulu ya thabwa lanu ndi thupi lantheteli. Mtengo womwewo ausiye ufike zaka 25 kapena 30, kunja kwake kumatuluka thabwa lina ndithu. Ndiye pamene anthu akuti "paini wa masiku ano si wakale uja", sakunama. Koma wasintha si mtengo, ndi mwini nkhalango amene akufuna ndalama msanga, ndi ife ogula amene sitifunsa.

Ndipo apa ndilankhula mosabisa: amene amanyoza mitengo yodzala n'kumatamanda ya m'tchire akuthandiza kumaliza nkhalango zachilengedwe popanda chifukwa. Denga silifuna mtengo wa zaka zana. Ku New Zealand nyumba zambirimbiri zimamangidwa ndi Pinus radiata, mtundu wa paini umene kwawo ndi ku California ndipo kumeneko ulibe dzina lalikulu. Pinus patula, paini wa masamba olendewera uja, kwawo ndi ku Mexico. Bulugamu ndi wa ku Australia, mitundu yake ikupitirira 700, pomwe ife timangoitchula dzina limodzi ngati ndi mtengo umodzi. Malaina anachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo. Alendo onsewa amanga nyumba kumaiko osawerengeka. Zoti akalephere pa nyumba yanga yokha, vuto linali la ine.

(Za malaina ndinene pang'ono, poti anthu amaupeputsa. Ndi wopepuka, supindikapindika ukauma, umapalika bwino, ndipo pa zitseko zam'kati ndi mipando ine ndimaukonda. Kungoti umachedwa kuuma kwambiri, ndipo musauyese mzati wokwirira pansi.)

Za bulugamu

Uyu ndi wolemera ndiponso wolimba kuposa paini, koma ali ndi mkwiyo wam'kati. Pamene akukula, thunthu limakhala lokokana lokhalokha, ndiye mukangoligwetsa kapena kulicheka limang'aluka kumapeto, thabwa n'kukhota lisanachoke n'komwe pamacheka. Akauma amakana msomali, mukakakamiza amasweka. Boolani kaye kenako mukhome. Kumene amawala kwenikweni ndi akakhala wathunthu wosacheka: mapolo, mizati, zochirikizira konkire. Mankhwala amalowa bwino m'thupi loyera lakunja lija, pomwe mtima wake sulola mankhwala kulowa.

Mankhwalawo ndi nkhani inanso imene imandipsetsa mtima. Paini payekha chiswe chimamudya ngati chaitanidwa. Ubwino wake ndi woti amamwa mankhwala bwino akawalowetsa ndi mphamvu mu thanki. Matabwa obiriwira aja amakhala a CCA, msanganizo wa copper, chromium ndi arsenic umene anaupeza katswiri wa ku India, Sonti Kamesam, m'chaka cha 1933. Koma kubiriwira kwa pamwamba si umboni. Dulani kachidutswa muone ngati mtunduwo walowa m'kati. Kupaka oilo wakutha wa galimoto ndi burashi, monga ndinachitira ine mochedwa, n'kudzitonthoza chabe: amathera pakhungu. Ndipo zidutswa za CCA musasonkhere moto, utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni. Mawanga abuluu amene amaoneka pa paini asakuopseni kwambiri, ndi nkhungu yodetsa maonekedwe, mphamvu ya thabwa siichepa kwenikweni. Chimene amakuuzani n'choti thabwalo linakhalitsa lili lonyowa.

Tsono yankho lanu, bambo. Khomerani paini, wothiridwa mankhwala, wouma mpaka chinyezi chitsike pansi pa 20 peresenti, poti pamwamba pa apo ndi pamene kuwola kumayambira. Ngati ndi wauwisi, muyaleni pamthunzi, pamwamba osati padothi, timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, cholemera pamwamba. Kanani thabwa limene lili ndi mtima wa mtengo pakati, ndi la mfundo zazikulu m'mphepete. Lokhala ndi mfundo m'mbali imodzi, mbaliyo iyang'ane kumwamba, chifukwa m'munsi ndi mmene mtanda umakokeka. Thabwa liimirire chammbali, lisagone chafulati: mukawirikiza kawiri msinkhu wake, mphamvu yonyamula imachuluka kanayi. Bulugamu musungireni mizati ya khonde.

Denga langa lija tinasasula mbali imodzi chaka chachitatu, ndi kalipentala yemwe uja. Matabwa atsopano anagona milungu isanu ndi umodzi asanawakhudze, ndipo tsiku lokhoma anabwera ndi msomali umodzi m'thumba la malaya, n'kuyamba wakhoma pa thabwa lapakati pa mulu ine ndikuona.