Akalowa pa console akupeza mphamvu zonse: yambani mwaona line con 0

Achimwene, mwati mwapangira mnyamata wa atachimenti akaunti ya privilege 1 (mlingo wa mphamvu zochepa; wapamwamba kwambiri ndi 15) pa switch ya Cisco. Akalowa kudzera pa SSH (kulowa ali patali, kudzera pa netiweki) zonse zili bwino, koma akalumikiza chingwe cha console (cholumikiza laputopu pa switch penipeni) akungofikira pa #, chizindikiro cha mphamvu zonse, ngati inuyo. Ine izi zinandisowetsapo tulo, ndiye ndifotokoze mwatsatanetsatane.

Lembani show running-config | section line con. Nthawi zambiri mupeza kuti amene anakonza switchyo poyamba anaikamo privilege level 15 pansi pa line con 0 (gawo la config loyang'anira khomo la console), pofuna kuti asamavutike ndi enable, lamulo lokwezera mphamvu. Zikatero, aliyense wolowera pa khomo limenelo amapatsidwa 15. Chotsani mzerewo ndi no privilege level.

Chachiwiri ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mukayatsa aaa new-model (dongosolo lotsimikizira amene akulowa ndi zomwe akuloledwa kuchita) n'kuika aaa authorization exec default local, lamuloli limagwira pa VTY (mizere yolowera patali, monga pa SSH), koma pa console siligwira pokhapokha mutawonjezera aaa authorization console. Cisco anachita dala zimenezi, kuti seva ya TACACS+ (yomwe imasunga maakaunti ndi zilolezo pamalo amodzi) ikafa musadzitsekere kunja. Ndiye switch imafunsa dzina ndi pasiwedi, n'kumutsegulira munthuyo, koma siyang'ana mlingo umene munamupatsa pa username. Mukawonjezera lamuloli, mnyamatayo adzafikira pa > ndipo show privilege idzaonetsa 1. Pa mlingo umenewu atha kuchita ping, traceroute ndi show ip interface brief, zomwe n'zokwanira kwa munthu amene akuphunzira ntchito.

Koma chonde, musalembe aaa authorization console mothamanga. Onetsetsani kuti muli ndi akaunti yanu ya privilege 15 pa switch pompo, yopangidwa ndi secret osati password. Ngati mumagwiritsa TACACS+, mzere wanu wa aaa uthere ndi local, kuti seva ikazima mulowebe. Musanasinthe kalikonse lembani reload in 10, ndipo musasunge config. Mukadzitsekera, switch idzazima n'kuyakanso yokha pakatha mphindi 10 ili ndi config yakale. Zikayenda bwino, lembani reload cancel kenako write memory. Ine tsiku lina ndinaiwala zimenezi pa ofesi ina yakutali, ndipo ndinakwera minibasi m'mamawa kukakonza zomwe ndinawononga ndili pampando wanga.

Ikaninso exec-timeout 5 0 pa line con 0, kuti switch izitulutsa munthu akakhala mphindi 5 osalemba kanthu. Ena amaika 0 0 kuti isamawatulutse, ndiye mukachotsa chingwe musanalembe exit, wobwera pambuyo panu akangolumikiza laputopu yake pa liwiro la console la 9600 apeza zonse zili zotsegula m'dzina lanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: munthu amene angakhudze chipangizocho ndi manja atha kudutsa zonse tanenazi. Pa router amazimitsa, n'kutumiza Break ikamayaka, kulowa mu ROMMON (kapulogalamu koyambitsira router) n'kusintha config-register (nambala youza router momwe iyakire) kukhala 0x2142, basi yayaka osawerenga mapasiwedi. Pa ma switch ambiri a Cisco Catalyst n'kungogwira batani la Mode ikamayaka. Lamulo la no service password-recovery limatseka njira imeneyi, koma mukaiwala pasiwedi n'kuyesa kulowa mwa njirayi config yonse imafufutika, choncho sungani kope lake kwina musanaliyatse. Ndipo kabati ya switchyo ikhale ndi loko, kiyi azisunga inuyo, osati kumusiya pamwamba pa kabati monga ndimaonera m'maofesi ambiri.