Mawondo a amayi akufuna mafizo, musawakhazike pansi

Achemwali, mwafunsa ngati mafizo amene amayi anu apatsidwa kuchipatala sangawonjezere kuperepeseka kwa mawondo, poti akuti ali ndi nyamakazi ya osteoarthritis. Ayi, sangawonjezere. Chimene chimalemaza msanga ndi kungokhala.

Kumudzi amayi amapita kudimba, kuchigayo, kumjigo. Tikawaitanitsa kuno ku Joni timawatsekera m'fulati, tiyi n'kumawapatsira pampando, ati ulemu. Minofu ya m'ntchafu imafooka, ndiye kulemera konse kwa thupi kumagwera pabondo lodwalalo. Chisanu cha June ndi July chikafika, ngakhale kudzuka pabedi imakhala nkhondo.

Mafizo ake safuna jimu. Akhale pampando wolimba, aimirire, akhalenso pang'onopang'ono, kakhumi. Masiku oyamba azigwira tebulo. Ali chikhalire awongole mwendo, awerenge mpaka 5, autsitse. Kenako aziyenda, ngakhale mphindi 10 zokha, n'kumawonjezera sabata ndi sabata.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira: bondo likangowawa amati laonongeka. Madokotala a mafizo amayeza ululu kuyambira 0 mpaka 10. Wosapitirira 5 ulibe vuto, bola kukamacha ukhale wabwerera mmene umakhalira. Ukakhalitsa, chepetsani mafizowo koma musawasiye. Musayembekezerenso zodabwitsa sabata yoyamba. Pulogalamu ya mafizo a nyamakazi yotchedwa GLA:D, imene inayamba ku Denmark mu 2013, imatenga masabata 6, kawiri pa sabata, ndipo amaphunzitsanso wodwalayo kudzisamalira yekha kunyumba.

Ngati ali ndi thupi, kutsitsa kilogalamu imodzi kumapeputsa bondo ndi makilogalamu pafupifupi 4 nthawi iliyonse akaponda. Ndodo azigwira ndi dzanja la mbali imene sikuwawa. Ambiri amaigwira mbali yolakwika.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala ogula kuspaza, timagolosale ta kuno. Grand-Pa, mankhwala a mutu aja, ali ndi aspirin. Aspirin ameneyu, Brufen ndi diclofenac, munthu wamkulu akamamwa tsiku ndi tsiku amatha kuchita zilonda zam'mimba, impso n'kuvutikanso, makamaka ngati ali ndi BP kapena shuga. Funsani anesi za mankhwala opaka.

Mukafuna kuti aziwonedwa ndi a mafizo kuchipatala chachikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath, yambirani kukiliniki akupatseni kalata. Koma bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, iwonso thupi litatentha, mafizo aime kaye, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.