Kodi nyimbo ya One ndi yoyenera pa ukwati?

FUNSO: Mwana wa mchemwali wanga akufuna kudzalowa m'holo pa ukwati wake ndi nyimbo ya Chingerezi yotchedwa One, koma mnzake wamuuza kuti nyimboyi imanena za anthu amene akusiyana. Ine ndinaimvapo akuimba mayi wina, tsiku lina bambo wachikulire wa mawu abesi. Kodi mwini wake ndani, nanga ndi yoyenera pa ukwati? (Mayi wa ku Zomba)

YANKHO: Mayi, nyimboyi ndi ya U2, gulu la oimba anayi a ku Ireland, ndipo inatuluka mu 1991 pa chimbale cha Achtung Baby. Anayamba kuipeka mu situdiyo ya Hansa ku Berlin chakumapeto kwa 1990, dziko la Germany litangogwirizananso, pa nthawi imene iwo eni sankamvana. Bono, mtsogoleri wa mawu m'gululo, ndi The Edge, woliza gitala, ankafuna kusintha kaimbidwe ka gululo, pomwe anzawo awiri, Adam Clayton ndi Larry Mullen Jr., ankakayikira njira yatsopanoyo, moti gululo linatsala pang'ono kutha, ndipo ndi nyimbo imeneyi imene inawabwezera mtima woti apitirize limodzi.

Mnzake wa mwanayo sananame. Woimbayo sakutamanda kukongola kwa wokondedwa wake monga zimakhalira chibwenzi chikangoyamba, koma akulankhula ndi munthu amene wakhala naye nthawi yaitali, akumufunsa ngati wamukhumudwitsa, akumufunsanso ngati wapempha zambiri, akumudandaulira kuti sanamupatse kalikonse, ndiponso akuvomereza kuti awiriwa amapwetekana mtima mobwerezabwereza. Ngakhale zili choncho, akunenanso kuti iwo ndi amodzi ngakhale kuti si ofanana, ndipo kunyamulana ndi gawo lawo. Awa ndi mawu a mtundu umene ankhoswe amalankhula akaitanidwa usiku banja litavuta. Bono mwiniwake ananenapo kuti amadabwa anthu akamuuza kuti anaiika pa ukwati wawo.

Bambo amene munawamva aja ndi Johnny Cash, amene anaijambula mu 2000 pa chimbale cha American III: Solitary Man, ali ndi zaka 68 komanso akudwaladwala. Iye anachepetsa zida, n'kusiya mawu ake otopa aja patsogolo, ndipo poti anali atakhala m'banja ndi June Carter kuyambira 1968, womvera amakhulupirira kuti akuimba zimene waziona ndi maso. Kwa ine imeneyi ndiyo imafika pamtima kuposa zonse. Mayi aja ndi Mary J. Blige, amene anaiimba pamodzi ndi U2 pa chimbale chake cha The Breakthrough mu 2005, mokweza mawu ndi mwaukali wa munthu amene watopa ndi kupirira. Nyimboyi imalola zonsezi chifukwa makodi ake (magulu a manoti olizidwa pamodzi) ndi ochepa, ndipo mawu ake sakutchula ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi, kholo kapena mwana, choncho woimba aliyense amalowetsamo nkhani yake.

Tsono polowera m'holo, mulangizeni mwanayo asankhe ina imene anthu angavine ndi kufupa mosangalala. Ngati akuikondabe, aiike nthawi yodula keke atamvetsa zimene ikunena, makamaka ya Johnny Cash, imene ili yodekha moti alendo angathe kumacheza ikulira.