Thanki ya septic yadzazanso patangotha masabata atatu: vuto lili pati?

Bambo, mwafunsa chifukwa chake thanki yanu ya septic yadzazanso patangotha masabata atatu chiipopereni, komanso ngati kuli bwino kumanga ina yaikulu, popeza madzi ayamba kubwerera m'bafa ndipo kuseri kwa nyumba kukununkha. Langizo langa ndi lakuti musagule kaye simenti, chifukwa zimene mwafotokozazi zikuloza ku soakaway, dzenje lija limalandira madzi ochoka m'thanki, osati ku thankiyo.

Thanki ya septic imayenera kukhala ndi madzi ambiri nthawi zonse. Tiyerekeze kuti pakhomo panu muli anthu 6 ndipo aliyense amagwiritsa ntchito malita 100 pa tsiku posamba, kuchapa ndi kugejemula chimbudzi. Amenewo ndi malita 600, kutanthauza kuti thanki ya malita 3,000 imadzaza pa masiku 5 okha. Ntchito yake si kusunga madzi ayi, koma kuwadekhetsa kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo, kuti zolemera zitsike pansi n'kukhala matope, mafuta ndi thovu ziyandame pamwamba, ndipo tizilombo tokhala mopanda mpweya tiwoletse zonyansazo pang'onopang'ono. Madzi apakati okha ndiwo ayenera kutuluka kupita ku soakaway n'kukalowa m'nthaka.

Choncho vundukulani chivundikiro cha mbali yotulukira madzi muyang'ane paipi. Madzi akalekezera m'munsi mwa kamwa la paipiyo, thanki ilibe mlandu, ndipo kutsekeka kuli pakati pa nyumba ndi thanki, kumene pulambala angatsegule ndi ndodo zake tsiku lomwelo. Koma paipi ikakhala yomira, ndiye kuti madzi akusowa kolowera. Pamenepo onetsetsani ngati paipiyo ili ndi kachidutswa kooneka ngati T kolowa m'madzi, pakuti amisiri ena amakasiya dala pofuna kupulumutsa ndalama zochepa, ndipo popanda iko mafuta ndi matope zimadutsa n'kukamata makoma a soakaway ndi chinthu chakuda choterera chimene madzi sangathe kuchibowola. Paipi yotulukira iyeneranso kukhala yotsikirapo masentimita 5 mpaka 8 kuyerekeza ndi yolowera.

Mwanena kuti vutoli layamba mvula itakhazikika, ndipo mfundo imeneyi ndi yaikulu. Pamalo a dothi la makande kapena pafupi ndi dambo, madzi a pansi pa nthaka amakwera kwambiri pakati pa Januwale ndi Malichi, moti soakaway imadzaza yokha musanathiremo ngakhale ndowa imodzi. Thanki yosapakidwa bwino pulasitala nayonso imamwa madzi amenewa kudzera m'njerwa. Ambiri akaona zotere amathamangira kuzamitsa dzenje, koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa mukamazamitsa m'pamene mukuwayandikira madzi omwe akukuvutaniwo. Kumbani kadzenje kuya kwake ngati theka la mita pamalo ena, mukathire madzi madzulo, m'mawa mukadzazenso n'kuona mmene akutsikira. Madzi akangoima tsiku lonse, malowo ngosayenera. Pamene dothi likumwa bwino, ngalande zazitali zosazama, zoyalidwa miyala ya kwale ndi paipi yobowolabowola, zimathandiza kuposa dzenje limodzi lakuya. Madzi a padenga apatutseni adzipita kwina, ndipo onaninso ngati chimbudzi sichikudontha usiku wonse, pakuti kadontho kameneko kamalemetsa soakaway mosadziwika.

Kulikonse mungakumbe, pakhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, wanu ngakhalenso wa anansi, ndipo pakhale kumunsi kwake. Madzi otuluka m'thanki amaoneka oyererapo koma amakhala akadali ndi tizilombo ta matenda, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 kuno ku Malawi, tonse tikumukumbukira.

Za kupopa, musamaitane galimoto chifukwa choona madzi. Chofunika kuyeza ndi matope. Tengani nsungwi yaitali, mukulunge nsalu yoyera kumapeto kwake, muilowetse mpaka pansi pa chipinda choyamba cha thankiyo, cha mbali yolowera madzi, mudikire pang'ono n'kuitulutsa mosagwedeza. Pamene nsalu yadetsedwa ndi matope akuda m'pamene alekezera, ndipo akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, nthawi yopopa yakwana, zomwe pa mabanja ambiri zimachitika patapita zaka 3 mpaka 5. Opopa asiyemo matope pang'ono kuti tizilombo towoletsa tija tisathe, ndipo musatsukemo ndi klorini. Afunseninso kumene akukataya, chifukwa zonyansazi malo ake ndi koyeretsera zonyansa za m'zimbudzi, ngati ku Kauma kwa okhala mu Lilongwe, osati mumtsinje. Matewera a ana, nsanza, mapepala olimba ndi mafuta otsala pokazinga zisalowe m'chimbudzi kapena mu sinki.

Pochita zonsezi, munthu aliyense asalowe m'thanki kapena kulowetsamo mutu, ngakhale itapopedwa kumene, pakuti mpweya wa m'menemo umakomola munthu asanakuwe n'komwe, ndiponso umayaka, choncho fodya ndi machesi zikhale kutali. Mukayang'ana paipi yotulukira ija, mutiuze pamene madzi alekezera ndi mtundu wa dothi la pamalo panu, kuti tikuuzeni ngati mufunika ngalande kapena kungotsegula paipi.