Mwana akufuna ntchito yoyeza magazi, mayi akufuna unamwino

Mayi wina wa ku Chitakale wandilembera. Amuna ake anagonekedwa ku Blantyre ndi Covid-19 mu Januwale 2021, ndipo anachira. Mwana wawo wamkazi, yemwe tsopano ali Fomu 3, sanaiwale mawu amene adokotala ankanena masiku amenewo, akuti tidikire zotsatira za magazi. Lero wakakamira kuti adzagwire ntchito ku labotale, pamene mayi ake amafuna unamwino. Akufunsa ziwiri: kodi magazi angauzedi munthu kuti wodwala achira kapena ayi, nanga ntchito imeneyi ingamudyetse mwanayu?

Mayi, ndiyambe ndi za magazizo, chifukwa ndi zimene zinakoka mtima wa mwana wanu.

Munthu akadwala kwambiri Covid-19, madokotala amayang'ana zinthu zingapo m'magazi. CRP ndi puloteni yomwe imapangidwa ndi chiwindi, ndipo imakwera thupi likatupa mkati polimbana ndi matenda. Maselo oyera otchedwa ma lymphocyte, omwe ndi asilikali a thupi, amachepa mwa odwala ambiri amene zinthu zawavuta. LDH, puloteni ya m'kati mwa maselo, imatayikira m'magazi maselowo akamawonongeka, kaya a m'mapapo kaya a kwina. Palinso D-dimer, yomwe imakwera magazi akamaundana m'mitsempha. Imeneyi inadetsa nkhawa kwambiri: kafukufuku wa odwala 191 ku Wuhan, m'dziko la China, yemwe anatuluka mu Marichi 2020, anapeza kuti amene anafika kuchipatala D-dimer ili pamwamba ndi amene ankamwalira kwambiri.

Koma uku si kuwombeza ayi. Mu Meyi 2020 akatswiri ena ku Wuhan komweko anatenga zotsatira za odwala 485 n'kupanga njira ya pa kompyuta yolosera imfa pogwiritsa ntchito zinthu zitatu zokha: LDH, CRP ndi ma lymphocyte. Kwawoko inkalondola. Madokotala a ku Netherlands atayiyesa pa odwala awo, sinalondole chimodzimodzi. Nanga kwathu kuno? Malungo amakweza CRP ndi LDH, TB imakweza CRP, ndipo mayi woyembekezera D-dimer yake imakwera popanda kolona. Choncho nambala imangomuuza dokotala kuti uyu musamuchokere, uyu muonjezereni mpweya, uyu muganizireni mankhwala oletsa magazi kuundana. Amuna anu mwina anali ndi manambala oopsa, koma si awo ali pakhomo lero?

Apa ndi pamene ndikuona kuti mwana wanu sakulota. Nambala imene dokotala amadalira imachokera m'manja mwa munthu. Kabotolo ka chivundikiro cha buluu, koyezera kuundana kwa magazi, kamafunika kudzaza mpaka pa mzere. Kakaperewera, zotsatira zimanama. Magazi akatengedwa mwankhaza kapena akakhutchumulidwa kwambiri, maselo ofiira amaphulika, LDH n'kuoneka yokwera pamene wodwala ali bwinobwino. Wa ku labotale wodziwa ntchito amakweza kabotoloko m'mwamba, n'kuona kuti madzi a pamwamba afiira m'malo mokhala achikasu, basi amabweza kuti akatengenso. Wodwala sadzamudziwa dzina, sadzamubweretsera nthochi pothokoza, koma wamupulumutsa ku mankhwala olakwika. Ine ntchito yotereyi ndimayilemekeza kwambiri, ndipo zimandipweteka makolo akamayitcha ntchito yotsuka mabotolo.

Kophunzira si kutali. Ku Makwasa kuli Malamulo College of Health Sciences, pansi pa Malawi Adventist University, komwe amaphunzitsa za labotale. Ku Blantyre, Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ili ndi digiri ya Medical Laboratory Science. Malawi College of Health Sciences imapereka dipuloma. Ndipo ngati mtima wake uli pa kafukufuku, Malawi University of Science and Technology (MUST) ku Ndata ili ndi digiri za Medical Microbiology ndi Immunology, yomwe ndi sayansi ya chitetezo cha m'thupi. Akamaliza, wogwira ntchito mu labotale ya chipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Musanalipire ndalama kusukulu iliyonse, funsani ngati bungweli ndi la NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede, akuizindikira kosiyo. Ku mayunivesite aboma amasankhira kudzera ku NCHE, ndipo kuli ngongole za ophunzira zimene angapemphe akasankhidwa.

Za ntchito sindikunamizani. Malo aboma satuluka chaka chilichonse, ndipo omaliza maphunziro ena amadikira, monga anamwinonso amadikirira. Koma olemba ntchito si boma lokha. Pali zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, Malawi Blood Transfusion Service, ndi mabungwe a kafukufuku ngati Malawi-Liverpool-Wellcome pa Queens. Kolona inazilala, koma viral load (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi), TB, shuga ndi malungo zimayezedwa tsiku ndi tsiku. Makina a GeneXpert omwe ankayezera TB ndi omwewo anathandiza kuyeza Covid-19.

Tsopano iwe mwanawe. Fomu 3 ndi nthawi yabwino, koma usachedwe. Pa MSCE ukufunika makirediti osachepera 6, ndipo Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics zikhale zamphamvu, chifukwa olimbirana malo ndi ambiri. Chemistry ndi imene imagwetsa ana ambiri amene ndimakumana nawo, makamaka kumene kulibe zipangizo zokwanira. Ngati sukulu yako ili choncho, pempha aphunzitsi akupezereni tsiku ku sukulu yoyandikana nayo, ugwireko burette, kachubu ka galasi koyezera madzi a mankhwala, ndi manja ako mayeso asanafike. Udziyesenso wekha: kodi ungakhale maola awiri pa maikulosikopu ukuwerenga timadontho popanda kutopa nazo? Kodi makhololo ndi chimbudzi cha odwala sizikunyansa? Zimenezinso zimabwera ku labotale, m'mawa uliwonse.

Mayi, pa holide ikubwerayi mupite naye ku chipatala chimene muli nacho pafupi, mukapemphe kuti acheze ndi wa ku labotale ngakhale kwa mphindi 20, kenako ndi namwino. Inu mukhale panja pa benchi, mafunsowo afunse yekha. Akatuluka, mundilemberenso zimene wanena.