Kanenereni pallet imeneyo, musadikire kuti ipweteke munthu

Achimwene, mwalemba kuti ku warehouse komwe mumagwira ntchito cha ku City Deep ku Joni pallet (thandala la matabwa losanjikapo katundu) ya matailosi inapulumuka pa forklift (galimoto yonyamula katundu ndi mafoloko achitsulo) n'kugwera pafupi ndi mapazi anu, ndipo anzanu akuti musauze kapitawo popeza simunavulale. Mwafunsa ngati kukanena n'koyenera. Kaneneni mawa lomwe, ndipo muchite kulemba, osangonena pakamwa.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso angawa. Ndagwira ntchito ya zomangamanga kuno ku Joni kwa zaka zambiri. Chaka china tili pa saiti ina ku Midrand, thabwa limodzi la pa scaffold silinamangiriridwe bwino, ukaponda chakumapeto limapendekeka. Linandipendekera ine m'mawa wina, mwamwayi ndinagwira chitsulo cha m'mbali, ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ndinauza anzanga awiri tikudya nkhomaliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Pasanathe sabata, mnyamata wina wa kwathu, amene anali atangoyamba kumene ntchito, anaponda thabwa lomwelo manja onse awiri atanyamula ndowa za matope. Analibe dzanja logwirira chitsulo. Anathyoka chiuno, mpaka lero amayenda motsimphina. Akale tonse tinkalidziwa thabwa lija ndipo tinkalilambalala, wosalidziwa anali iye yekha. Nkhani imeneyi imandiwawabe mumtima, chifukwa waya wamfupi chabe ukanakwanira kulimanga.

Chimene chinagwetsa pallet yanu chikadalipo. Inu munangopezeka kuti mwaima chapatali pang'ono, basi. Ndiye funsani mafunso pamene aliyense akukumbukira bwino. Kodi pallet inali yothyoka matabwa apansi? Katundu anakulungidwa ndi pulasitiki kapena anangosanjikizidwa? Woyendetsa ankathamanga mafoloko ali m'mwamba? Ngati ankathamanga, ankamufulumizitsa ndani? Nthawi zambiri mupeza kuti thiraki inali ikudikira pa geti ndipo anthu awiri ankagwira ntchito ya anthu anayi. Nanga inuyo munaima pamenepo bwanji, palibe mzere wachikasu wosonyeza poyenda anthu? Mukangoloza chala dalaivala, amuchotsa ntchito, abwera wina, pallet idzagwanso. Komanso anthu akaona mnzawo wachotsedwa, palibenso adzanene kanthu.

Kumbukirani nyumba imene inagwa ikumangidwa m'tauni ya George ku Western Cape pa 6 May 2024. Anthu 34 anafa, ena mwa iwo abale athu ochokera ku Malawi. Kafukufuku wa boma anasonyeza kuti ogwira ntchito anali ataona kale ming'alu ndi kumva nyumbayo ikunjenjemera, koma ntchito inapitirira. Zizindikiro zinalipo. Ndikamva wina akuti "sizinachitike kanthu, tiyeni tizigwira", ndimakumbukira mabokosi amaliro amene anatumizidwa kumudzi.

Ndikudziwa chimene chikukuopsani. Ife obwera timaopa kutchedwa ovuta, ena mapepala sali bwino, ena ali pa ganyu yoti akhoza kungouzidwa kuti mawa musabwere. Mantha amenewa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma dziwani kuti lamulo la dziko lino la Occupational Health and Safety Act la 1993 limalamula wantchito aliyense kuti akaona chinthu choopsa anene msanga kwa bwana kapena kwa safety rep (wantchito woimira anzake pa nkhani za chitetezo), ndipo lomwelo limaletsa bwana kuchotsa ntchito kapena kulanga munthu chifukwa chotsatira lamuloli. Pamalo pamene pali antchito opitirira 20 payenera kukhala safety rep. Ngati mukuopa kapitawo, yambirani kwa ameneyo. Atati akuchotseni chifukwa cha nkhaniyi, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito, ndipo amalandira madandaulo a anthu ochokera kunja. Vuto likapanda kukonzedwa, ma inspector a Department of Employment and Labour ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito yoopsa.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Ngati chidutswa cha tailosi chinakukhudzani, ngakhale kungokala pa mwendo, nenani shifiti isanathe. Mwendo ukadzatupa pakapita masabata awiri, a Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ntchito, adzafuna umboni wakuti munavulalira pa ntchito, ndipo anzanu amene akuti khalani chete lerowa sadzakulipirirani kuchipatala.

Polemba musachulutse mawu kapena kukalipa. Lembani tsiku, nthawi, malo enieni, zimene zinagwa, amene anaona, ndi zimene mukuganiza kuti zikonzedwe: pallet zothyoka zichotsedwe, apente mzere wa poyenda anthu, mafoloko azitsitsidwa poyenda. Malo ambiri ali ndi fomu ya near miss (yonenera ngozi imene yangotsala pang'ono kuvulaza munthu) ku ofesi ya safety. Ngati kwanuko kulibe, tumizani uthenga pa WhatsApp kwa kapitawo n'kusunga screenshot. Ngati malamulo a kampani amalola, jambulani chithunzi cha malowo asanasese. Kenako pa toolbox talk (kamsonkhano ka za chitetezo ntchito isanayambe) ya m'mawa muifotokoze nkhaniyi pamaso pa onse, makamaka anyamata atsopano amene sanadziwebe ngodya zoopsa za warehouse yanu. Pakatha sabata mukafunsenso kuti akonza chiyani, ndipo ngati Chingerezi cha pa fomu chikukuvutani, ndilembereni ku inbox madzulo ndikaweruka tilembere limodzi.