Kabokosi ka Bluetooth ako kasiyeni kaye achimwene

Achimwene mwafunsa za kabokosi ka Bluetooth kolumikizira foni ku ampu (chokuzira mawu), koma ngati cholinga chanu ndi hi-res, nyimbo za mulingo woposa wa CD, pa ampu yanuyo, kabokosi mukufuna kugulako kasiyeni, chonde, ndangowerenga funso lanu mtima wayambanso kuwawa. Ine mkulu wina wogulitsa zida za nyimbo anandigulitsa kabokosi ngati komweko, pakatoni pali chizindikiro chachikasu chija cha Hi-Res Audio, nkundilumbirira kuti ndikangolumikiza ku ampu nyimbo za Tidal, apu yomvera nyimbo pa intaneti, zizituluka pa mulingo wapamwamba wa 24-bit 192kHz ngati zili mu studio. Nthawi imeneyo Tidal inali ndi pulani ina yodula ya hi-res, ndinalembetsa yomweyo, mwezi ndi mwezi ndikulipira, data ikutha ngati madzi.

Tsiku lomwe sindidzaiwala kunabwera anzanga kudzacheza, mmodzi mwa iwo amagwira ntchito yojambula mawu. Ndayika nyimbo, ndakweza volume, ndikuwafotokozera zonse zija anandiuza wogulitsa uja, iye ali phee akungoyang'ana kabokosiko. Kenako anati tabwereke foni. Analowa mu Developer options m'masetingi a foni nkundionetsa pamene palembedwa codec, njira yomwe foni imafinyira mawu potumiza pa Bluetooth, pali SBC. Anandiuza modekha, anthu onse akumva, kuti SBC imathera cha pa 328 kbps pomwe CD wamba ndi 1411 kbps, ndiye foni imakoka fayilo yaikulu pa intaneti, nkuifinya, nkutaya zambiri isanatumize ku kabokosi. Anatembenuza katoni nkundionetsa timalemba ting'onoting'ono kumbuyo, chizindikiro chija chimanena za polowetsa waya wa USB basi, za Bluetooth ayi, ndipo LDAC, codec yabwinoko kuposa SBC, kanalibe nkomwe. Manja ananjenjemera anthuni, nyimbo ikulirabe, wina akuti osadandaula zimachitika, ine ndikungowerengera mumtima ndalama za miyezi yonse ija. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Nditabwerera kwa mkulu uja mukudziwa anandiyankha chani? Akuti makutu anga sanazolowere, akutinso vuto ndi masipika anga, nkutulutsa waya wina wa mitu yagolide kuti ndigule ameneyo ndiye zimveka. Ndalama anakana kubweza ati katoni ndinatsegula. Munthu wamkulu ndithu, kunama maso ali gwa, akudziwa bwino lomwe kuti ngakhale LDAC yeniyeniyo imathera pa 990 kbps ndipo imatayabe zina. Anthu otere amadyera kusadziwa kwa anzawo ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Ndiye inu chitani izi. Pezani streamer, chida chokoka nyimbo pa intaneti, yolowa pa Wi-Fi kapena waya wa ethernet, monga WiiM kapena Bluesound Node, muilumikize ku ampu ndi waya wa RCA kapena ku DAC, chida chosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu opita ku ampu, ngati muli nayo. Mukagwiritsa Tidal Connect kapena Qobuz Connect streamer imakoka yokha nyimbo pa intaneti, foni imangokhala rimoti, palibe chofinyidwa panjira. Onani kaye ngati Tidal kapena Qobuz, apu inanso yomvera nyimbo, ikupezeka m'dziko lomwe muli musanagule chida. Ngati ndalama za streamer palibe, kompyuta ndi USB DAC zimagwira bwino, koma pa Windows muyatse exclusive mode mu apu, apo ayi Windows imasintha yokha sample rate, manambala a kHz aja. Mafoni ambiri a Android nawo amakankhira zonse ku 48kHz pokhapokha mudzere mu apu ngati USB Audio Player PRO. A iPhone musanamizidwe ndi AirPlay, njira ya Apple yotumizira nyimbo popanda waya, siifika pa 192kHz, ndipo Apple Music imafuna DAC yapadera kuti mupyole 48kHz. Waya wa optical pa zida zambiri umathera pa 96kHz. DAC yokhala ndi kasikirini koonetsa manambala ndiyabwino chifukwa mumaona ndi maso zomwe zikulowa, palibe wokuuzani bodza.

Data muiganizirenso, a Apple eni ake amati nyimbo ya mphindi 3 imadya 145 MB pa hi-res, 36 MB pa lossless wamba (yosataya kanthu).

Koma ndinene chilungamo, panopa zonse zili m'malo mwake, sikirini ikulemba 192 bwinobwino, ndikasintha kupita pa 16-bit 44.1kHz ya CD kusiyana kwake nkovuta kumva, nthawi zambiri sindikumva nkomwe. Chomwe chinasintha mawu kwambiri ndi pamene mnzanga uja anachotsa masipika kukhoma nkuwalozetsa pomwe ndimakhala, bass inasiya kulindima, mawu a woyimba anabwera pakati penipeni. Ndiye ngati masipika anu ndi ofooka yambirani kumeneko, za 192 mudzaziona pambuyo. Ndipo ngati foni yanu ili ndi LDAC ndipo mwapeza kabokosi kokhala ndi LDAC yeniyeni, si koipa ayi, anthu ambiri kamawakwanira. Bola musanapereke ndalama muuze wogulitsayo alumikize pomwepo akuonetseni codec pafoni, akayamba kuzungulira tulukani. Tiuzeni ampu yanu ndi mtundu wanji komanso kumbuyo kwake kuli mabowo ati, tikuuzani streamer yoyenera.